Dzina Tinabwereka kwa Rhoda

Kabwata, Lusaka
12 Novembala 1978

Amake Edmond,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ine kuno ndili bwino, bondo lokha ndilo limadandaula kukachita mitambo. Ndikhulupirira chifuwa chija chinakusiyani. Ntchito ya umesenjala ikuyenda monga kale, kunyamula mafayilo a bwana Mpundu kuchoka ku ofesi kupita kukhoti ndi kubwera nawo.

Nkhani ndi iyi. Mwana wanu amusankha kulowa sukulu ya malamulo pa yunivesite. Mwa khamu lonse la chaka choyamba anatengako ochepa, iye ali momwemo. Zikatha zaka zitatu adzalandira digiri, kenako chaka china chophunzira ntchito, ndiye adzavala mkanjo wakuda ngati umene ndimanyamulira bwana. Ndinkayesa kuti tsiku lomva zimenezi ndidzavina. Ndinangokhala pansi n'kumasula nsapato.

Tsopano mvetsani bwino. Kalata yanu yapita ya kwa iye munalemba pa envelopu kuti Edmond Miti. Inakhala milungu itatu pa bolodi la makalata, iye akuidutsa tsiku ndi tsiku, kuopa kuitola anzake akuona. Musadzabwerezenso. Kuyunivesite kulibe Edmond Miti. Kuli Norbert Sakala, mwana wa Rhoda Sakala mkulu wanu, bambo ake malemu. Ndizo zili m'mapepala onse chiyambire tsiku lija inu ndi mlamu Rhoda munapita kwa ahedi a sukulu mutanyamula tambala. Mwana wathu anali ataperewera pang'ono pa mayeso a Giredi 7, kubwereza kunali koletsedwa, ndipo Norbert mwini wake anali atasiya sukulu n'kukonda ng'ombe, dzina lake likadali m'kaundula. Mlamu anati, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, litengeni dzinalo, kodi likugwira ntchito yanji?" Tonse tinaseka. Tinkati tabwereka kwa chaka chimodzi, monga timabwerekera khasu.

Lachisanu anabwera ku ofesi ndi anzake awiri kudzaona mabuku a bwana. Anandipeza ndikupukuta tebulo. Anawauza kuti, "Aba ni ba ankolo banga, ba Miti." Ndinawapatsa moni bwinobwino. Potuluka anatsalira pang'ono n'kunong'ona, "Ba tate, musakalipe, ni vamene vili pa fomu." Sindinakalipe. Tiyi ndinali nditawaphikira kale.

Ndatumiza chitenje cha ku Kamwala ndi sopo awiri. Sopoyo ndinamuimira pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, ndiye musachapire ziguduli. Chimanga mudzale mvula yachiwiri, yoyambayi imanyenga.

Ndine wanu,
Wilbroad Miti


Kabwata
4 Malichi 1979

Amake Edmond,

Landirani moni. Ndili bwino. Ndamva chisoni kuti ng'ombe za mlamu zatha ndi matenda, ndipo ndamva kuti Norbert wake akufuna kudzasaka ntchito kuno.

Mwalemba kuti anamutsitsa m'basi pa mlatho wa Luangwa chifukwa alibe reji. Masiku ano ndi mmene zilili. Ndi nkhondo ili kutsidya kwa Zambeziyi asilikali akuima paliponse, munthu wopanda chitupa cha boma safika ngakhale ku msika. Koma asapite kuboma ndi dzina lake. Ndinafunsa mwana wanu. Akuti padzakhala mareji awiri a dzina limodzi, mayi mmodzi, mudzi umodzi, ndipo wina akadzaika mapepalawo pamodzi, sukulu yatha, ndalama za boma zimene akuphunzirirazo adzafuna tibweze.

Ndinamufunsa kuti nanga titani. Sanachedwe kuyankha, sukuluyi ikumunola. Anati, "Ni simpo, ba tate. Zina langa lili chabe, palibe wamene alisebenzesa. Mupaseni."

Dzina lija munalisankha inu muli m'chikuta, munkalitchula kawiri kawiri kuti mumve mmene likukhalira pakamwa. Ndinafuna kumuuza zimenezo, koma basi yake inafika.

Ndiye m'kalata muno mupeza pepala la chidindo. Ndi lumbiro langa lakuti mnyamata wodzaima pamaso pawo ndi mwana wanga Edmond Miti, wobadwa tsiku limene inu mukulidziwa. Ndalumbirira mu ofesi mwathu momwe, pamaso pa bwana. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikupatsira anthu Baibulo lija kuti agwire polumbira. A Mpundu anangoti, "Shani, ba Miti, lelo ndimwe? Gwilani." Ndinkayesa linditentha m'manja. Linali lozizira, likununkha polishi wanga yemwe.

Mutsegule bokosi lathu, pansi pa nsalu ya ukwati pali khadi la ubatizo la Edmond. Mupereke khadilo ndi pepalali kwa mwana wa mlamu, apite nazo kuboma ku Katete. Aloweze tsiku lobadwa, asakachite chibwibwi. Zimenezi zikhale za inu ndi Rhoda basi. Kalatayi mukawerenga muisonkhezere pamoto.

Saladi wophikira kuno kulibe, shuga amaoneka ngati mlendo. Denga la khola mulifolere mvula isanaliwolerese.

Ndine,
Wilbroad


Kabwata
19 Ogasiti 1979

Amake Edmond,

Moni. Tili bwino tonse awiri, poti tsopano m'nyumba muno tili awiri. Mwana wa mlamu anafika bwino, reji yake yatsopano ili m'thumba la malaya, amangoigwiragwira poyenda. Ntchito wapeza pa sitolo ina ya katundu wambiri ku Kamwala, kukweza ndi kutsitsa mabelo pa lole. Muuzeni Rhoda asade nkhawa, akudya, ndipo bulangete limene labwera ndi kalatayi wagula ndi iye, la amayi ake.

Pamaso pa anansi amanditcha atate, ine ndimamutcha Edmond. Masiku oyamba ndinkachita kuitana kawiri. Tsopano amayankha msanga kuposa mmene ankayankhira mwini wake. A Kunda oyandikana nafe akuti ndili ndi mwayi, mwana wofatsa, wotengera ine makutu. Ndinavomera, makutu onse amafanana. Chitseko chija chinkatsegulidwa ndi bondo wachikonza, njinga ya ku ofesi nayo sikuliranso.

Lamulungu lapitali wathu uja anabwera ndi buku lalikulu la milandu ya mapangano. Ine ndili kuseri ndinaitana mosaganiza, "Edmond, tabweretsa madzi." Anabweretsa ndi wa Rhoda. Wathu sanadzutse n'komwe mutu pa bukulo. Ndinadikira kuti mtima uwawe, koma sunawawe. Ndinangosamba m'manja.

Atadya anayamba kunyogodolana ngati kale ali ana. Wa Rhoda anati, "Iwe loya, dzina langa walinenepetsa. Ukadzatha nalo undibwezere ndi digiri yomwe." Wathu anati, "Na iwe langa usaliononge mu mabala ya mu Kamwala." Anaseka mpaka kutsokomola. Nanenso ndinaonetsa mano.

Za mabomba zimene mukumva musazitengere kumtima, akugwa kutali ndi Kabwata. Zina ndidzakuuzani pakamwa. Nkhumba yaikazi ija musagulitse.

Wanu,
Wilbroad


Kabwata
6 Julayi 1980

Amake Edmond,

Moni wa chisanu. Bondo likuchita zake, koma ndikuyenda. Edmond akupereka moni, ndikunena wa m'nyumba muno.

Mwafunsa kuti mwana wanu adzabwera liti kumudzi, popeza zatha zaka zitatu musanamuone, ndiponso kuti tsiku lolandira digiri inu mudzakhala ngati ndani. Tchuthi chino akuphunzira ntchito pa ofesi ina ya maloya m'tauni, akugona kwa mnzake ku Woodlands. Kumudziko akuti anthu amamukuwira dzina lake lenileni ali pa msewu, ndipo m'mabasi a kum'mawa mumakhala ophunzira anzake. Palinso mtsikana, Barbara, kwawo ku Kabulonga kunyumba za mipanda. Ndinamuonera patali pa Cairo Road. Sanandione, kapena anandiona.

Funso lachiwirilo ndinamufunsa monga munalembera. Yankho lake ndi labwino, mulisunge. Akuti pali pepala limene maloya amalemba, munthu n'kusintha dzina mwalamulo. Anati, "Nikangosiliza, nikavala gauni, ine na mubale wanga tizasaina mapepala yabili, aliyense abwelele pa zina lake. Koma osati manje. Ba mai balindile chabe." Ndiye lindirani. Zatsala zaka ziwiri, chimodzi cha digiri, china cha ntchito. Mwadikira khumi.

Mayeso wakhoza bwino, makamaka a malamulo a umboni. Akuti aphunzitsi anamuyamikira pamaso pa onse.

Feteleza chaka chino mulembetse msanga.

Wilbroad


Kabwata
8 Febuluwale 1981

Amake Edmond,

Moni wautali ndilibe. Kalatayi ndapatsira a Gilson Mbewe pamanja, akwera basi ya mawa m'mawa. Sakudziwa zili m'katimu. Muwerenge muli nokha.

Mwana wathu ali moyo. Ndamuona dzulo ndi maso anga. Amene wamwalira ndi wa Rhoda.

Lachinayi lole ya kuntchito kwawo inagubuduzika cha ku Lilayi, iye ali pamwamba pa katundu, mabelo anamugwera. Anzake akuti sanavutike. Anthu amatero nthawi zonse. Mwini sitolo, pofuna kuthandiza, anatenga reji m'thumba la malaya n'kukapereka uthenga wa maliro ku wayilesi osandifunsa. Ndinaumva Lachisanu masana pa wayilesi ya a Kunda, ndikuchokera kuchipatala: wamwalira Edmond Miti, mwana wa Wilbroad Miti, amayi Agness Miti ku Katete adziwe.

Ndikudziwa kuti munaumva. Ndikudziwa kuti mudzi wonse wasonkhana pakhomo panu kulira Edmond, ndipo mkulu wanu ali pambali panu pa mphasa. Ndinu awiri nokha mukudziwa kuti dzinalo lili ndi anthu awiri. Pofika kalatayi mudzakhala mutatha masiku atatu, aliyense akuopa kuyang'ana mnzake kumaso, aliyense akupempha Mulungu chinthu chimene sangachitchule.

Ndinafuna kuthamangira ku wayilesi kukakonza. Mwana wanu anandigwira dzanja pa chipata. Anati, "Mukakamba pa wailesi, mwazigwilisa mweka. Munalumbila, ba tate. Ni jele." Telegalamu nayo akuti imawerengedwa ndi a positi. N'chifukwa chake mwadikira.

Kunyumba ya chisanu anandifunsa ngati ndi mwana wanga. Ndinati inde. Anandipatsa cholembera, ndinasaina malo atatu. Tinaika dzulo kumanda a mzinda, thupi silikanatha kudikira ulendo. Anansi ankandigwira mapewa, akuti pepani, mwana mmodzi yekhayo wamwamuna. Wathu anali chiimire kumbuyo atavala tayi. Anathira dothi pa nthawi ya achibale. Ine sindinalire, a Kunda akuti ndi kulimba mtima.

Mukawerenga musakuwe, musagwade pamaso pa anthu. Mutuluke pang'onopang'ono, mumuitanire Rhoda kuseri kwa nkhokwe. Ntchito imeneyi ikanakhala yanga. Ndakusenzetsani.

Wilbroad


Kabwata
26 Epulo 1981

Amake Edmond,

Moni wa Pasaka, ngakhale wachedwa. Ndili bwino. M'nyumba muli zii, chitseko chokha chikutseguka bwino.

Munachita bwino kuuza anthu kuti wopereka uthenga anasokoneza maina a pachibale. Ndamvanso kuti Misa ya kumeneko inachitika m'dzina la Norbert. Ndiye zakhala chonchi: ku Katete wamwalira Norbert, Edmond ali pa sukulu. Ku Lusaka wamwalira Edmond, Norbert ali pa sukulu. Ine ndimangoyenera kukumbukira kumene ndaima.

Chipepeso cha kuntchito anapatsa ine monga bambo. Ndachitumiza kwa mlamu mmene chinabwerera, envelopu sindinatsegule.

Pempho la mlamu ndalimva, lakuti pa mtanda wa pamanda palembedwe dzina limene anabatizidwa nalo mwana wake, kuti asagone ndi dzina la wina. Akunena zoona. Ndinapita kuyunivesite Loweruka, ulendo wanga woyamba kulowa m'katimo. Mwana wanu ndinamupeza pa udzu pafupi ndi nyumba ya mabuku, mayeso omaliza ayandikira. Anamvetsera zonse osandidula. Kenako anandifotokozera mofatsa, monga amachitira a Mpundu ndi munthu amene mlandu wake ulibe mutu.

Akuti manda ali ndi nambala, nambalayo ili m'kaundula wa manda, ndipo mtanda ukanena zina pali wofunsa. Ndinati nanga mapepala awiri aja, aliyense kubwerera pa dzina lake. Anati, "Wakufa sasaina, ba tate. Wilbroad Miti anali na mwana Edmond, boma yalemba kuti anafa, na imwe munasaina. Nikatenga zina lija manje, bazafunsa kuti nalichosa kuti. Digili izayenda, imwe muzamangiwa. Ndiye mubale wanga azankala anafela chani?" Anandiperekeza mpaka pa basi, anandilipirira.

Musamuyese woipa. Maso ake anali ofiira, ndipo si mabuku okha. Koma zimene tinamutumiza kukaphunzira waziphunzira.

Mtanda ndapenta ndekha. Ndalembapo E. Miti ndi chaka. Ndinayesa kulemba zilembo zazing'ono. Mlamu mumuuze mmene mungathere, madzi akatayika saoleka.

Mtedza muumitse bwino musanaike m'matumba.

Wilbroad


Kabwata
8 Novembala 1981

Agness,

Moni. Ndili bwino. Mlamu anafika bwino Lachinayi, ndipo ndi iye akubweretserani kalatayi. Nkhuku ndi ufa ndalandira.

Makadi oitanira ku mwambo wa digiri anali awiri, ndipo lanu munapatsa mkulu wanu. Simunandiuze chifukwa, inenso sindifunsa. Pa khadipo panali kale dzina lake, poti ku ofesi ya yunivesite ndiye kholo.

Lachisanu ndinapita naye kumanda. Ndinkaopa kuti akuwa, koma anangogwada n'kuyamba kuzula udzu. Kuwerenga sadziwa, koma anayendetsa chala pa zilembo zija n'kundifunsa kuti, "Mlamu, apa ndiye palembedwa Edmond?" Ndinati inde. Anati, "Nanga ndilire ndani?" Anazula udzu wonse, wa manda oyandikana nawo omwe, ndiye tinabwerera.

Dzulo ndilo linali tsiku. Anthu anali ngati nyerere, magalimoto a ku Kabulonga ndi Woodlands mpaka kumsewu. Ndinavala suti ija ya ukwati wa mwana wa a Kunda, mlamu anavala chitenje chanu chobiriwira. Maina anayamba ndi a sukulu zina, dzuwa likutiotcha. Atafika pa a malamulo, wowerengayo anatchula bwinobwino, mokweza: Norbert Sakala.

Mlamu anaimirira. Ndinayesa aimba nthungululu monga amayi ena. Anangoima, chikwama chili m'manja, akuyang'ana kutsogolo, mpaka mwana wathu anayenda, anagwada, anadzuka, anatsika mbali ina. Anthu a kumbuyo anamupempha kuti akhale pansi. Atakhala anandiuza chapansipansi kuti, "Wayankha." Ine ndinaomba m'manja pamodzi ndi onse. Manja ankamveka ngati a munthu wina.

Titatuluka anabwera ndi Barbara ndi makolo ake, anthu aulemu ndithu. Anawauza kuti, "Aba ndiye ba mai banga, aba ni ba ankolo, bamene banataya mwana mu Febuluwale." Bambo a mtsikanayo anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kundipepesa. Ndinathokoza. Mlamu anamukonzera mwanayo kolala, anamupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. Sanatchule dzina lililonse.

Januwale akuyamba chaka chophunzira ntchito, kenako adzalumbira kukhoti lalikulu. A Mpundu akuti mwana wa mlamu wangayu angamulembe ntchito. Akatero ndidzamunyamulira mafayilo. Kumudzi akuti adzabwera zikakhala bwino. Musakonze chipinda.

M'kalata muno muli chithunzi. Wojambulayo anati amayi aime pafupi ndi mwana wawo, ndiye mlamu anaima. Ine simundiona, ndinali pambali nditagwira chikwama chake. Mwana wanu wanenepa pang'ono, muona nokha, ndipo chipewacho chamukhala.

Kumbuyo kwa chithunzicho sindinalembeko dzina. Mulembe inu limene mungathe.

Wilbroad Miti